The Irishman: nkhope zija zinakusokonezani nanunso, kapena ndine ndekha?

Wa_ku_Chilomoni:

Abale, amene munaonera The Irishman ya Martin Scorsese, ya 2019 ili pa Netflix ija, tandithandizeni. Anthu amaitama koopsa filimu imeneyi, ena mpaka kumati ndi yomwe inamangirira nkhani zonse za mafia zimene mkuluyu anajambula, Goodfellas ndi Casino zomwe. Ine ndaionera yonse, maola atatu ndi theka osadumpha, ndipo kulemera kwake sindikukana. Koma pali chinthu chandiima pakhosi. Amene simunaionere, bwererani pompano, muno tiulula zonse.

Vuto langa ndi nkhope. Robert De Niro ndi wa 1943, ndiye pomwe ankajambula, kuyambira 2017 kulowa 2018, anali ndi zaka 74. Joe Pesci ndi wa chaka chomwecho, Al Pacino ndiye wa 1940. Koma nkhani ya Frank Sheeran, wakupha wa mafia amene De Niro akusewera, ikuyambira m'ma 1950, iye ali dalaivala wa thiraki yonyamula nyama, bambo wa zaka za m'ma 30. M'malo mopeza mnyamata woti asewere mbali imeneyo, anatenga madala omwewo n'kuwafufuta makwinya ndi kompyuta.

Taonani pomwe Frank akukumana koyamba ndi Russell Bufalino, bwana wa mafia amene Pesci akusewera. Thiraki yavuta, wayima pa filling station, Pesci akubwera kudzasuzumira mu injini n'kumuuza pomwe pali vuto. Akumuitana ngati kamnyamata. Ine ndinaphulika nako kuseka, chifukwa amene akutchedwa mnyamatayo akuoneka munthu wa zaka 50 ndi kanthu. Khungu ndi losalala inde, koma khosi ndi lonenepa, mapewa ndi ogwa, milomo ndi ya munthu wamkulu. Kuwonjeza apo anamupatsa maso a buluu, ati poti Sheeran weniweniyo anali wotero. De Niro tamudziwa zaka zonsezi ndi maso akuda, ndiye nthawi iliyonse kamera ikayandikira ndimangoona masowo m'malo momvera zimene akunena.

Pomwe zinafika poipa ndi pa golosale paja. Mwana wake Peggy wakankhidwa ndi mwini golosale, Frank wapsa mtima, wamutenga mwanayo n'kupita naye komweko. Akumukokera mkulu uja panja, galasi la chitseko n'kusweka, kenako akuyamba kumumenya mateche ndi kumuponda dzanja. Pamenepo pamayenera kuopsa, chifukwa ndi pomwe mwana wamkazi akuzindikira kuti bambo ake ndi chilombo. Koma taonani mwendowo! Sukukwera n'komwe, manja wawapinda pachifuwa kuopa kugwa, akuponda ngati agogo akukwirira phando atabzala chimanga. Scorsese anajambulanso patali, thupi lonse likuoneka, osadula. Munthu amene wajambula mafilimu kwa zaka zoposa 50 sanaone zimenezi?

Chomwe chikundizunguza mutu kwambiri n'chakuti njira ina inalipo, ndipo De Niro yemweyo ndi mboni yake. Mu The Godfather Part II ya 1974, iyeyo ndi amene anasewera Vito Corleone ali mnyamata, mbali yomwe Marlon Brando anasewera ali wamkulu. Palibe anadandaula kuti safanana mphuno. Anapatsidwa Oscar pa ntchito imeneyo. Ndiye bwanji pano anathira ndalama zoposa madola 150 miliyoni pa filimu yonseyi, mpaka Paramount kuithawa filimuyo n'kuisiyira Netflix, pofuna kuti madala aoneke anyamata, chonsecho osaoneka n'komwe?

Funso langa ndi limeneli: filimuyi ndi yabwino chifukwa cha nkhope zimenezi, kapena ndi yabwino ngakhale nkhopezo zinaiwononga? Kapena ndi ulemu chabe umene tikupereka kwa akuluakulu?

Edita_wa_maukwati_A25:

Akulu, pa golosale paja sindikutsutsani, n'zochititsa manyazi. Koma mlanduwo musaupereke kwa anyamata a kompyuta. Ine ntchito yanga ndi kudula mavidiyo, ndiye ndinaitsata nkhaniyi bwinobwino.

Ntchitoyo inagwiridwa ndi Industrial Light & Magic (ILM), kampani yomwe George Lucas anayambitsa, ndipo woyang'anira anali Pablo Helman. Nthawi zambiri akafuna kusintha nkhope ya munthu amamumata timadontho kumaso, n'kumuveka chipewa chokhala ndi kakamera kolozera pankhope. De Niro ndi Scorsese anakana zimenezo. Ankafuna kuti anthu azisewera moyang'anizana maso ndi maso, pamalo enieni, ndi kuwala kwenikweni. Ndiye a ILM anachita kupanga njira yatsopano. Anamangirira makamera atatu pamodzi: yapakati ndi yojambula filimuyo, ziwiri za m'mbali zimajambula ndi kuwala kwa infrared, komwe maso athu saona. Ubwino wa infrared ndi woti imachotsa mithunzi, ndiye kompyuta imaona mmene nyama ya pankhope ikuyendera munthu akamalankhula kapena kukwinya. Pulogalamu yawo, dzina lake Flux, imatenga zithunzi zitatuzo n'kuumba nkhope ina pamwamba pa yeniyeniyo. Asanavomere kuti ntchito iyambe, mu 2015 anamuitana De Niro kuti abwereze kachigawo kena ka mu Goodfellas, kaja akukalipira anzake pa phwando la Khirisimasi chifukwa chogula zinthu zodula atangoba ndalama, n'kuyerekeza ndi koyamba ka 1990. Mu filimu yonseyi mashoti amene anakonzedwa ndi pafupifupi 1,750.

Tsono makina onsewa amathera m'khosi. Kuyambira m'mapewa kutsika mmunsi ndi thupi la munthu wa zaka 74, ndipo palibe pulogalamu yomwe ingafewetse chiuno. Iwo ankadziwa. Analemba ntchito munthu wapadera woti azingoyang'anira kayendedwe ndi kaimidwe ka madalawa. Scorsese mwini wake anasimbapo kuti tsiku loyamba kujambula ndi Pacino, mkuluyo anadzuka pampando mwa zaka zake, wina n'kudzamunong'oneza Scorsese kuti pamenepa Jimmy Hoffa, mtsogoleri wa bungwe la madalaivala amene Pacino akusewera, akuyenera kukhala wa zaka 49, ndiye anachita kubwereza. De Niro ankavalanso nsapato zazitali zidendene, chifukwa Sheeran anali chimunthu cha mamita pafupifupi 1.93.

Pa golosale, mankhwala ake anali osavuta. Kutenga munthu wina wa thupi lofanana amenye matechewo, kapena kuika kamera pankhope ya Peggy ife tizingomva phokoso. Edita wake, Thelma Schoonmaker, ndi mayi amene ali ndi ma Oscar atatu, zimenezi sangalephere. Anasankha okha kusiya choncho, ndipo pamenepo ndiye analakwa.

Koma tayang'ananinso Pesci ndi Pacino. Pa iwowa ntchito inayenda bwino kwambiri moti anthu saitchula n'komwe. Chifukwa chake n'chakuti anawachotsera zaka zocheperako kuyerekeza ndi De Niro, komanso Russell nthawi zambiri amakhala pampando akulankhula motsitsa. De Niro ndi amene anamukokera kutali, mpaka ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ali msilikali ku Italy akuwombera akaidi achijeremani amene awakumbitsa manda awo. Pamenepo akuoneka ngati munthu wa mu gemu ya PlayStation.

NaPhiri_Leeds:

Achimwene a ku Chilomoni, ine za makamera atatu sindizidziwa, koma ndikuuzeni chomwe chinandigwira. Ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba kuno, ndipo filimuyi ikuyambira m'nyumba ngati yomweyo: kamera ikuyenda m'khonde, kudutsa manesi ndi anthu a pa wilutcheya, mpaka kukamupeza Frank ali yekha. Zonse zimene tikuona pambuyo pake ndi iyeyo akusimba.

Tsono okalamba akamasimba za unyamata wawo, samadziona ngati munthu wina. Amadziona iwo omwewo, tsitsi lokha ndi lomwe limada. Ndiye ine kuona Frank wa nkhope yosalala koma mayendedwe a nkhalamba sikunandivute kwenikweni, ndinangoti ndi mmene akudzikumbukira. Mwina Scorsese sanalinge zimenezo, koma kwa ine zinagwirizana.

Ndipo ola lomaliza lija silikanagwira mtima akanakhala kuti pakati pa filimu anasintha munthu. Taganizani za Russell. Tamuona kwa maola awiri ndi theka ali munthu woti akangopendeketsa mutu, wina wafa. Kenako tikumupeza m'ndende atagwidwa sitiroko, dzanja likunjenjemera, mano kulibe, akuviika buledi mu juwisi wa mphesa kuti afewe, chonsecho kale ankadya buledi yemweyo ndi vinyo wabwino mu lesitilanti, iye ndi Frank akulankhulana Chitaliyana. Ndi nkhope yomweyo, maso omwewo. Akumukankha pa wilutcheya kupita ku tchalitchi, basi osadzamuonanso. Akanakhala mnyamata wina kumayambiriro, ndikanangoti awa ndi anthu awiri.

Zinthu zing'onozing'ono za kumapetoko anazijambula ndendende. Frank akugwa m'khonde la nyumba yake, palibe womudzutsa. Akusanja mapiritsi. Akupita yekha kukagula bokosi lake la maliro, n'kusankha lobiriwira, n'kumanenerera mtengo. Nesi akumuyeza BP, iye akumuonetsa chithunzi cha Jimmy Hoffa, mtsikanayo sakumudziwa n'komwe, munthu amene pa nthawi yake ankadziwika Amereka yense. Zimenezi ndimaziona pafupipafupi: agogo akukuonetsa chithunzi cha munthu amene kwa iwo ndi dziko lonse, iwe maso ali pa wotchi chifukwa chipinda chotsatira akukudikira. A FBI akubwera kudzamunyengerera kuti anene zoona banja la Hoffa lipumule. Iye akuti kalankhuleni ndi loya wanga. Akumuuza kuti loyayo anamwalira, iye n'kufunsa kuti wamupha ndani. Khansa. Ndinaseka, kenako kuseka kunandithera.

Za Peggy ndiye musanene. Anthu anadandaula kuti Anna Paquin, amene akusewera Peggy ali wamkulu, anapatsidwa mawu owerengeka pa zala. Ine ndikuti anakwana. Mwana wokulira m'nyumba ya bambo woopsa salankhula, amangoyang'ana. Pomwe akutsegula pakamwa ndi pomwe Hoffa wasowa, akufunsa bambo ake chifukwa chake sanamuimbire foni mkazi wa Hoffa, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanawalankhulenso. Frank akudzamutsatira ku banki komwe amagwira ntchito, ali pa ndodo, akuima pamzere ngati kasitomala, iye n'kutseka windo n'kuchokapo. Mwana wina akumuuza bambo akewo kuti tikakhala pa mavuto sitinkabwera kwa inu, tinkaopa zimene mukachite. Ndiye mwendo uja kaya unakwera kaya sunakwere, mwanayo anaona.

Madala_a_Teamu:

Ana anga, mwalankhula za nkhope mokwanira. Ine ndinayendetsa mathiraki ndisanapume, ndinalinso m'bungwe la apantchito, ndiye filimuyi ndinaionera chifukwa cha Hoffa.

Achinyamata mwina simukudziwa kukula kwa munthu ameneyu. Anali pulezidenti wa Teamsters, bungwe la madalaivala a mathiraki ku Amereka, kuyambira 1957 mpaka 1971. Mphamvu zake zinali pawiri. Akanena kuti mathiraki aime, dziko limaima. Chachiwiri ndi thumba la penshoni la madalaivala, lomwe ankabwereketsako a mafia kuti amangire mahotela ndi nyumba za juga ku Las Vegas, poti mabanki sankafuna kuwakongoza. Robert Kennedy atakhala Attorney General, mkulu wa zamalamulo m'boma la Amereka, anamusaka usana ndi usiku. Anapezeka wolakwa mu 1964 pa mlandu wofuna kugula anthu oweruza nawo mlandu komanso wa chinyengo, analowa m'ndende 1967, Pulezidenti Nixon n'kumutulutsa mu December 1971 koma ndi lamulo loti asakhudze za bungwe mpaka 1980. Vuto ndi loti amene anamusiyira mpando, Frank Fitzsimmons, anali wofewa, ndipo a mafia anamukonda kuposa Hoffa. Mwini mpando atafuna kubwerera, anapeza kuti palibe akumufuna.

Pacino anamugwira bwino munthu wa mtundu umenewu. Samwa mowa, amakonda ayisikilimu, amadana ndi munthu wochedwa. Msonkhano wa ku Miami uja, Tony Provenzano, mkulu wina wa Teamsters yemwenso anali wa mafia, akubwera mochedwa atavala kabudula, nkhani yofunika kwambiri ikuthera pa kukangana za mphindi zingati zimene munthu angachedwe. Mumaseka, koma ndi pomwe imfa yake ikuyambira. Atsogoleri ena a mabungwe ndi otero ndithu, amafika poti bungwe ndi iwo, iwo ndi bungwe, ndipo sungawauze kanthu.

Koma mwini filimu ndi Pesci. Mu Goodfellas ndi Casino anali wamisala wokuwa, apa sakweza mawu ngakhale kamodzi. Anali atasiya zosewera mafilimu, anakana kambirimbiri asanavomere. Taonani ulendo wa ku Detroit uja, akupita ku ukwati ndi azimayi awo, iye akuletsa kusuta m'galimoto ndiye akuima pafupipafupi kuti azimayiwo asute. Mmawa wa tsiku lopha Hoffa akumuuza Frank pa kadzutsa, modekha, kuti tinayesetsa kumupulumutsa munthuyu. Akumuperekeza ku kabwalo ka ndege, n'kumulanda magalasi a dzuwa, n'kutsala m'galimoto akudikira. Nyimbo kulibe. Hoffa akukayika kukwera galimoto yomwe yabwera kudzamutenga, akukwera chifukwa waona Frank alimo. Pamenepo nkhope ya De Niro ili pafupi ndi zaka zake zenizeni, ndipo palibe angaidandaule.

Chenjezo langa ndi limodzi. Musaitenge ngati mbiri yotsimikizika. Yachokera m'buku la Charles Brandt la 2004, lomwe ndi zimene Sheeran anasimba ali pafupi kufa, ndipo anamwalira mu 2003. Chodziwika ndi chakuti Hoffa anasowa pa 30 July 1975 pa lesitilanti ya Machus Red Fox kufupi ndi Detroit, ali ndi zaka 62, thupi lake silinapezeke, ndipo mu 1982 khoti linagamula kuti anafa. Zoti Sheeran ndiye anawombera, komanso zoti ndiye anapha Joe Gallo, wa mafia wa ku New York, ku lesitilanti ya Umberto's Clam House mu 1972, ambiri amene anafufuza nkhanizi amazikana. Jack Goldsmith, mphunzitsi wa malamulo ku Harvard amene analeredwa ndi Chuckie O'Brien, mnyamata yemwe Hoffa ankamutenga ngati mwana wake, analemba buku lonse kutsutsa zoti Chuckie ndi amene anayendetsa galimoto tsiku limenelo.

Mbuzi_ya_Lunzu:

Inu nonse mukuikometsa. Inapikisana pa ma Oscar 10, inabwerako chimanjamanja. Ya filimu yabwino inapita kwa Parasite, ya luso la kompyuta inapita kwa 1917. Ine ndinagona Hoffa asanatuluke m'ndende.

Wa_ku_Chilomoni:

Zikomo nonse. A Mbuzi, mukagone bwino, ife tipitirize.

Achemwali a ku Leeds, za Russell ndi buledi uja ndavomera, pamenepo munthu mmodzi yemweyo amafunikadi. Koma zoti mayendedwe a nkhalamba ndi mmene Frank akudzikumbukira, pepani, sindikugula. Nkhalamba zimene ndimazidziwa ine zikamasimba za unyamata zimadzikometsa, zimati ndinkanyamula matumba awiri a chimanga nthawi imodzi, ndinkamenya anthu anayi ndekha. Munthu wodzitama kuti anakhala masiku 411 ali pa nkhondo sangadzikumbukire akulephera kukweza mwendo. Ndipo Scorsese akanafuna zimenezo sakanalemba ntchito munthu wowongola misana ya madalawo.

Maganizo anga tsopano ali apa: akanatenga mnyamata kuti asewere za ku nkhondo ndi za thiraki ya nyama, mwina mphindi 40 zoyambirira, De Niro n'kulowa pomwe Frank akukumana ndi Hoffa pa foni. Kuyambira pamenepo kompyuta ikanangochotsa zaka zochepa monga inachitira ndi Pesci, ola lomaliza likanakhala lomwelo.

Bambo a mathiraki, zikomo pa za Goldsmith, bukulo ndilifunafuna. Koma ndikufunseni: ngati Sheeran ananama, sizikupangitsa filimuyi kukhala yowawa kwambiri? Ndiye kuti ndi nkhalamba yomwe ana ake anaithawa, ikudzipachika milandu ya kupha anthu otchuka kuti mwina wina aimvetsere.

A Edita, pa YouTube ndinaona wina atakonzanso nkhope zija ndi deepfake, njira ija yoika nkhope ina pa munthu wa mu vidiyo ndi kompyuta, ndipo De Niro wake amaoneka mnyamata kuposa wa Netflix. Munthu mmodzi kunyumba kwake angapose bwanji kampani yonse?

Edita_wa_maukwati_A25:

Kavidiyo kameneko ndinakaona akulu, ndipo munthu wina wopanga zoterezi anadzalembedwadi ntchito ku ILM komweko mu 2021. Koma pali kachinyengo. Iye anayambira pa ntchito yomwe a ILM anali atamaliza kale, tsitsi, khosi ndi kuwala zonse zili m'malo, n'kungoikapo nkhope ya De Niro wa m'mafilimu akale. Pa foni zimaoneka bwino, koma pa sikirini yaikulu nkhope zotero zimachita chifunga ndipo milomo siyenderana bwino ndi mawu. Komanso Helman ananena kuti cholinga sichinali kubweretsa De Niro wa mu Taxi Driver, ankafuna Frank Sheeran ali wocheperako, munthu wojintcha, wolemera thupi.

Za mnyamata wa mphindi 40 zoyambirira ndikugwirizana nanu, bola akanapezeka woti Pesci akamutchula kamnyamata tisaseke. Nanga inu munaionera pa chiyani? Scorsese anachita kupempha kuti chonde musaionere pa foni. Ngati munaonera pa TV, kalowenimo mu settings muzimitse motion smoothing, ija yosalaza kayendedwe ka zithunzi, ma TV ambiri amabwera ili yoyatsa ndipo imapangitsa nkhope zija kuoneka ngati pulasitiki kuposa mmene zilili. Mwendo wokhawo ndiye sungasinthe.